Momwe mungalowere mu round robin ya osoka quilt pa intaneti, osawononga nsalu ya mnzanu

Round robin ya osoka quilt, chofunda cha zigamba zolumikiza, imayenda ngati chipereganyu. Anthu asanu kapena kuposerapo pang'ono amagwirizana, aliyense n'kusoka chigamba chimodzi chapakati. Chigambacho chimapita kwa wotsatira pa mndandanda, iye amachizunguliza ndi mkombero wa tinsalu tolumikiza, n'kupatsira wina, mpaka nsaluyo idutse m'manja mwa onse ndi kubwerera kwa mwini wake itakula, yotsala pang'ono kukhala chofunda. Yanu ikamayenda, inunso mumakhala mukulandira za anzanu imodziimodzi. Zofunda za chigamba chachikulu pakati ndi mikombero yozungulira n'zakale ndithu, ku Britain ndi ku America ankazisoka kale kumapeto kwa zaka za m'ma 1700. Chimene intaneti yabweretsa n'chakuti anthu osadziwana nkhope, wina ali ku Ohio ku America wina ku Leeds ku Britain, atha kusokerana.

Musanalembetse dzina, kumbukirani kuti pa nsalu zonse zimene mudzagwire, imodzi yokha ndi yanu, ndipo pa yanuyo mudzasokapo kachigawo kochepa. Nthawi yambiri mudzakhala mukugwira chinthu cha mwini. Wotsatira wanu sadzakuthokozani chifukwa cha luso lodabwitsa ngati mwam'patsa nsalu yokhota. Chimene akufuna ndi nsalu yogona bwino patebulo, makona owongoka, miyeso yolembedwa, ndiponso yofika pa tsiku lake.

Sankhani mtundu umene mungaukwanitse

M'magulu a pa Facebook, pa Instagram ndi m'mabungwe a osoka mudzapezamo mitundu itatu. Woyamba ndi umene tafotokozawu, nsalu zimayenda pa positi mwezi ndi mwezi. Wachiwiri ndi row robin: m'malo mozunguliza, aliyense amasoka mzere umodzi wautali wofanana ndi wa mwini, mizereyo n'kudzalumikizidwa pomaliza. Uwu masamu ake ndi opepuka. Wachitatu ndi stay at home round robin, umene unatchuka nthawi ya COVID-19. Pamenepa nsalu siichoka pakhomo panu. Oyendetsa amalengeza lamulo limodzi sabata iliyonse, mwina "mkombero uno ukhale ndi nyenyezi" kapena "gwiritsani ntchito tizidutswa ta makona atatu", inu n'kusoka pa nsalu yanu yomwe, kujambula chithunzi ndi kuonetsa anzanu.

Ngati muli ku Lilongwe, ku Chipata kapena ku Tete, yambani ndi wachitatuwu. Kutumiza phukusi kunja kasanu kapena kasanu ndi kamodzi kutha kudya ndalama zoposa za nsalu yeniyeniyo, ndipo magulu ambiri a positi amalandira anthu a dziko limodzi lokha pofuna kupewa kuchedwa ndi msonkho wa pamalire. Mukazolowera mutha kusonkhanitsa anzanu a mumzinda umodzi pa WhatsApp, nsalu zizisinthana pamanja. Amene muli ku Britain kapena ku South Africa muli ndi mwayi waukulu wopeza gulu la positi la m'dziko lomwelo. Ku Britain kuli bungwe la The Quilters' Guild of the British Isles, lomwe linayamba mu 1979 ndipo likulu lake lili ku York, malo abwino oyambira kufunsa.

Werengani malamulo kawiri, kenako funsani

Gulu lililonse lili ndi malamulo ake, ndipo mikangano yambiri imachokera pa mzere umene wina anaudumpha powerenga. Fufuzani kukula kwa chigamba chapakati, m'lifupi mwa mkombero uliwonse, masiku amene mwapatsidwa pa nsalu imodzi, ngati nsalu ziyenera kuchapidwa musanadule, ngati mwini atumiza nsalu zake kapena aliyense awonjezera za m'nyumba mwake, ndiponso ngati zithunzi n'zololedwa kuonetsa poyera. M'magulu ambiri a positi mwini saloledwa kuona nsalu yake mpaka tsiku lomaliza. Mukaika chithunzi pa Instagram mosaganiza, mwaulula chinsinsi cha miyezi ingapo.

Pa miyeso pali msampha umene umakola pafupifupi aliyense watsopano. Akanena kuti chigamba cha mainchi 12, nthawi zambiri akutanthauza kukula kwake chikasokedwa kale mbali zonse. Chili m'manja mwanu chisanalumikizidwe ndi china chiyenera kukhala mainchi 12½, chifukwa kota ya inchi mbali iliyonse idzalowa mu msoko. M'malamulo mudzaona mawu akuti finished, kukula kwake chikasokedwa kale, ndi unfinished, kukula kwake chisanalumikizidwe. Ngati sanalembe, funsani woyendetsa gulu, musaope kuoneka mbuli.

Onaninso nthawi. Ngati alemba kuti chithunzi chifike isanakwane 12 koloko usiku nthawi ya ku New York, kwa amene ali ku Malawi kapena ku Zambia imeneyo ndi 7 koloko m'mawa wa tsiku lotsatira mu Januwale, koma 6 koloko m'mawa mu Juni, poti iwo amasuntha mawotchi awo kawiri pachaka.

Konzani msoko wanu musanadule nsalu yabwino

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Msoko wa quilt ndi wopapatiza, kota ya inchi, kapena kuti mamilimita 6 ndi kachidutswa. Amene munazolowera madiresi ndi masiketi, kumene timasiya sentimita imodzi ndi theka, dzanja lidzafuna kusiya zambiri. Pa diresi, milimita imodzi yopitirira palibe angaione. Pa quilt imaunjikana. Tiyerekeze kuti mukulumikiza tizidutswa 10 mu mzere umodzi, ndiye kuti misoko ilipo 9. Msoko uliwonse ukakula ndi milimita imodzi yokha, ukudya mamilimita awiri, chifukwa ukutenga ku tinsalu tonse tiwiri. Pofika kumapeto, mzere wanu wafupika ndi mamilimita 18, pafupifupi masentimita awiri, ndipo sudzakwana pa nsalu ya mnzanu ngakhale muukoke bwanji.

Yesani chonchi. Dulani tinsalu titatu, kalikonse m'lifupi inchi 1½ ndipo m'litali mainchi 5. Tilumikizeni m'litali, sitani, n'kuyeza. Kapakati kayenera kuoneka inchi imodzi ndendende, ndipo tonse titatu pamodzi tikhale mainchi 3½. Zikachepa, msoko wanu ndi waukulu. Zikapitirira, ndi waung'ono. Osoka ambiri amachepetsa msokowo dala ndi ulusi umodzi kapena uwiri, chifukwa popinda nsalu posita pamalowa kanthu pang'ono.

Simufunika makina apamwamba. Makina opalasa ndi miyendo, a Singer kapena a Butterfly, amasoka msoko wowongoka bwino kwambiri, ndipo magetsi akathima ntchito siima. Ngati mulibe kaphazi kapadera ka kota ya inchi, ikani rula pansi pa singano, tsitsani singanoyo pang'onopang'ono pa chizindikiro cha kota, kenako matani tepi ya pepala pa makina motsatira m'mphepete mwa rulayo. Sanjikizani tepiyo kanayi kapena kasanu kuti pakhale kachitunda kotsamirapo nsalu. Msoko ukhale wa timapazi tating'ono, pafupifupi mamilimita awiri, singano ya nambala 80, ulusi wa thonje wopyapyala wotuwa kapena wa mtundu wa khaki, umene umabisala pa nsalu zambiri.

Ngati gulu lili ndi anthu a ku Ulaya, funsani ngati onse akugwiritsa ntchito mainchi. Ena kumeneko amasiya masentimita 0.75, omwe ndi okulirapo kuposa kota ya inchi ndi milimita yathunthu, ndipo taona kale zimene milimita imachita. Gulu likasankha mainchi, gulani rula ya mainchi ndipo muiwale zosinthasintha miyeso m'mutu.

Podula, anzanu ambiri akunja amagwiritsa ntchito kampeni kozungulira ka rotary cutter, kamene kampani ya Olfa ya ku Japan inatulutsa mu 1979, pamodzi ndi mphasa yake yodulirapo ndi rula yoonekera. Mukazipeza, gulani, zimafulumizitsa ntchito. Mukapanda kuzipeza, zofunda zinkasokedwa zaka zambirimbiri zinthuzi kulibe. Dulani chitsanzo cha chidutswa chilichonse pa pulasitiki yolimba, monga chivundikiro cha ndowa yakale, jambulani ndi pensulo yosongoka kuseri kwa nsalu, n'kudula ndi sizasi yakuthwa. Katoni ndimaikana, chifukwa m'mphepete mwake mumadyeka mukajambulira kambiri, chidutswa cha 40 n'kukhala chocheperapo kuposa choyamba.

Chigamba chapakati ndi nsalu zake

Chigamba chanu ndicho chidzauze anzanu onse kumene akulowera, choncho chisakhale chodzaza kwambiri moti wina n'kusowa poyambira, komanso chisakhale chopanda kanthu. Nyenyezi imodzi yaikulu, kanyumba, mtengo, duwa losokerera pamwamba pa nsalu ina, zonsezi zimayenda bwino. Mitundu itatu kapena inayi ndi yokwanira, pakhale wowala, wapakati ndi woderapo. Sankhani kukula kumene kumagawika mosavuta. Mainchi 12 ndi abwino chifukwa amagawika ndi 2, 3, 4 ndi 6. Mukasoka cha mainchi 13, mwapatsa wotsatira wanu mutu waching'alang'ala.

Chitenje chimakongola kwambiri pakati pa quilt, ndipo anzanu akunja amachilandira ndi manja awiri, koma chili ndi zake. Maluwa ake ndi aakulu, mukachidula tizidutswa ta mainchi awiri chithunzi chonse chimasowa, pamatsala chisokonezo cha mitundu. Ndi bwino kudula duwa limodzi lathunthu kuti likhale pakati, n'kulizunguliza ndi nsalu zopanda maluwa. Chachiwiri, si chitenje chilichonse cha pamsika chili cha thonje. Dulani kachidutswa, kayatseni ndi machesi pa mbale yachitsulo. Thonje limayaka ngati pepala n'kusiya phulusa lofewa. Poliyesita imasungunuka, imanunkha pulasitiki, n'kusiya kampira kolimba. Magulu ambiri amafuna thonje lokhalokha, chifukwa poliyesita imaterera pansi pa singano ndipo imatha kusungunuka ndi simbi yotentha ya mnzanu amene sakudziwa. Chachitatu ndi utoto. Viikani nsaluyo m'madzi ofunda pamodzi ndi kansalu koyera, musiye kwa kanthawi. Kansaluko kakasintha mtundu, chapaninso mpaka madzi ayere. Ofiira ndi abuluu woderapo ndiwo amavuta kawirikawiri. Nsalu imene ikukana kusiya kutulutsa utoto isalowe mu quilt ya munthu wina, ngakhale ikongole bwanji.

Ngati malamulo akulola, tumizani nsalu zotsala pamodzi ndi chigambacho. Anzanu akamanena fat quarter akutanthauza chidutswa cha mainchi 18 kwa 22. Ziwiri kapena zitatu zotere za nsalu imene ili pakati zimathandiza kuti mtundu umodzi uzionekera m'mikombero yonse, chofundacho chisaoneke ngati anthu asanu amene sanalankhulane.

M'phukusi lanu ikanimo kabuku kakang'ono. Lembani dzina lanu, kukula kumene mukufuna chofundacho chikathere, ngati chidzakhala cha pabedi kapena chopachika pakhoma, mitundu imene mumaikonda, ndi imene simufuna kuiona n'komwe. Nenani mosabisa. Ngati pinki mumadana naye, lembani, apo ayi adzabwera. Koma musachulutse malamulo, mukalemba masamba atatu a zoletsa ndiye bwenzi mutangosoka nokha. Siyani masamba ena kuti aliyense alembepo dzina, kumene ali ndi zimene wawonjezera. Kuseri kwa chigambacho manganiponi kansalu kolembedwa dzina lanu ndi pini yotseka, chifukwa kabuku ndi nsalu zimatha kusiyana m'njira.

Phukusi la mnzanu likafika

Uzani gulu tsiku lomwelo kuti lafika. Tsegulani ndi manja, osati ndi sizasi kapena lezala, nsalu imakhala pafupi ndi pepala kuposa mmene mukuganizira. Jambulani chithunzi mmene yafikira. Werengani kabuku. Kenako ipachikeni pakhoma pa nsalu yoyera kapena pa bulangete, muziiona podutsa kwa masiku awiri kapena atatu musanadule kanthu.

Tsiku loyamba ntchito, isiteni bwino n'kuiyala patebulo. Musayeze m'mphepete mokha ayi, m'mphepete mumakhala mutatamuka ndi kugwiridwagwiridwa. Yezani katatu, chakumtunda, pakati ndi chakumunsi, kenako chimodzimodzi mbali inayo. Miyeso itatuyo ikasiyana pang'ono, tengani wapakatikati. Muyeso umenewo ndi umene mudulire mikombero iwiri yoyang'anizana, yonse yofanana ndendende. Chimene simuyenera kuchita ndi kutenga nsalu yaitali, kuisokerera m'mphepete mpaka kumapeto, n'kudula yotsala. Njira imeneyo ndi yachangu, koma imabweretsa mkombero wa mafunde, ndipo aliyense wobwera pambuyo panu mafundewo amakulirakulira.

Pindani mkombero pakati, pindaninso, ikani zizindikiro. Chitaninso chimodzimodzi ndi mbali ya nsalu imene mukusokererapo. Lumikizani zizindikirozo ndi mapini, pakati ndi pakati, mapeto ndi mapeto, kenako mapini ena m'mipata. Ngati chimodzi chatalikirapo pang'ono, chiikeni pansi posoka, mano a makina amakoka nsalu yapansi mofulumirapo ndipo kotsalako kamalowa kokha.

Tsopano masamu, amene ambiri amawaopa popanda chifukwa. Tinene kuti nsalu yafika ili mainchi 20½ mbali zonse. Chotsani theka la inchi la misoko, mwatsala ndi 20. Mwaganiza zoika flying geese, tija ta makona atatu totsogozana ngati mivi, kalikonse mainchi 4 m'lifupi ndi mainchi 2 msinkhu kakasokedwa. Mukatindandalitsa motsogozana, kalikonse kamatenga mainchi 2 a m'mphepete, ndiye 20 kugawa ndi 2, mufunika 10 mbali iliyonse, tonse pamodzi 40. M'makona anayi muikamo masikweya odulidwa mainchi 4½. Mukamaliza, nsaluyo idzakhala mainchi 28½.

Nanga ikafika ili mainchi 19½? Zimachitika kawirikawiri, chifukwa misoko ya anthu siifanana. Tsopano muli ndi 19, amene sagawika ndi 2. Musakoke nsalu ya mwini, ndipo musachepetse tizidutswa tanu kuti tikwane. Ikani kamzere kopapatiza kozungulira kuti mufike pa 20. Mukusowa inchi imodzi, ndiye theka la inchi mbali iliyonse. Dulani timizere ta inchi imodzi m'lifupi, theka looneka ndi makota awiri a misoko. Tiwiri tikhale mainchi 19½ m'litali, tisokereni kumanzere ndi kumanja, sitani. Tina tiwiri tikhale mainchi 20½, ta kumtunda ndi kumunsi. Mwafika pa 20½, masamu aja ayambiranso kuyenda. Kamzere aka amakatcha coping strip, ndipo palibe chida china chimene chimapulumutsa ma round robin ambiri ngati iko. Ngati nsalu yafika yotalikirapo mbali imodzi, timizere ta m'mbali tikhoza kusiyana m'lifupi ndi ta kumtunda, diso silizindikira kusiyana kwa kota ya inchi. Mukasankha mtundu woderapo, kamaoneka ngati munakafuna dala.

Kuti tizidutswa 40 tija tisakutayitseni sabata yonse, sokani tinayi nthawi imodzi. Dulani sikweya imodzi yaikulu ya mainchi 5¼, ndiko kuti m'lifupi muja mwa 4 kuwonjezera 1¼. Dulaninso masikweya anayi aang'ono a mainchi 2⅞, msinkhu uja wa 2 kuwonjezera ⅞. Ikani awiri aang'ono pa makona oyang'anizana a yaikuluyo, mbali zokongola zitayang'anana, adzasanjikizana pang'ono pakati. Jambulani mzere kuchoka kona ina kukafika inayo kudutsa pa onse awiri, sokani kota ya inchi mbali zonse ziwiri za mzerewo, n'kudula pa mzere penipeni. Mukasita, mupeza zidutswa ziwiri zooneka ngati mtima. Pa kona yotsala ya chilichonse ikani sikweya ina yaing'ono, jambulaninso mzere wopingasa wolowera pakati pa mtimawo, sokani mbali zonse, dulani. Mwapeza tinayi, kalikonse mainchi 2½ kwa 4½. Masikweya aakulu 10 ndi aang'ono 40 akukwanirani mkombero wonse. Yesani kaye ndi nsalu zotha ntchito, chifukwa kulakwitsa kwake kumabwera kanayi nthawi imodzinso.

Kusita kwa quilt n'kosiyana ndi kwa malaya. Simbi muziika, kukanikiza, kunyamula, kuikanso. Mukaikhwekhwereza, tinsalu todulidwa mopingasa timatamuka ndipo sitibwerera. Misoko igonere kumbali ya nsalu yoderapo kuti isaonekere. Ngati simbi yanu ndi ya makala, yalani nsalu yoyera pamwamba nthawi zonse, kaphulusa kamodzi kotentha n'kokwanira kuboola ntchito ya anthu atatu.

Musokepo chiyani?

Yang'anani zimene zilipo kale. Ngati mkombero wapitawo uli wodzaza ndi tizidutswa tambirimbiri, wanu ukhale wodekha, diso lipumepo. Ine ndimalemekeza kwambiri munthu amene amavomera kuika mkombero wosavuta pamene nsalu ikufuna zimenezo, ngakhale akudziwa kuti pa chithunzi chomaliza palibe adzamuloze. Tengani mtundu umodzi wa pakati muubwereze. Jambulani chithunzi pa foni n'kuchisandutsa chakuda ndi choyera, mudzaona msanga ngati nsalu zanu zikusiyana mokwanira kapena zonse zangosanduka phala limodzi lotuwa. Mikombero yoyamba ikhale yopapatiza, yakunja ikhoza kukula. Malamulo akalola, simukakamizidwa kuzungulira mbali zonse zinayi, kuwonjezera kumtunda ndi kumunsi kokha kumathandiza nsalu ya sikweya kuti iyambe kutalika ngati ya pabedi.

Mu round robin ya pakhomo ija, lamulo la sabata likapanda kugwirizana ndi nsalu yanu, lipindeni. Akati nyenyezi, zinayi za m'makona zakwana. Oyendetsa ambiri amakondwa ndi zimenezo.

Ntchito ya amene anakutsogolerani musaimasule kapena kuidula, ngakhale nsonga za nyenyezi zake zaduka. Ngati pali vuto lalikulu, monga msoko wong'ambika kapena nsalu yokhota moti simungasokepo, lemberani woyendetsa gulu kumbali, osati pagulu. Nsaluyo musaichape. Isungeni m'thumba lake kutali ndi utsi wa mbaula, fodya, mafuta onunkhira ndi amphaka, chifukwa ena m'gulumo zinthu zotere zimawadwalitsa.

Kutumiza kwa wotsatira

Mukamaliza, sokani mzere umodzi kuzungulira nsalu yonse, mamilimita atatu kuchoka m'mphepete. Umagwira misoko kuti isamasuke m'njira, ndipo udzabisika mu msoko wa mnzanu. Dulani maulusi olendewera, sitani, yezaninso, lembani muyeso watsopano m'kabuku pamodzi ndi dzina lanu. Jambulani chithunzi masana pamthunzi, foni ili pamwamba penipeni osati chapambali, kuti makona aoneke owongoka. Tinsalu totsala ta mwini tibwerere m'phukusi, ndipo ngati mwawonjezera nsalu yanu, ikanimo kachidutswa kuti wina adzathe kuibwereza.

Zonse zilowe m'thumba la pulasitiki lotseka, mkati mwake muli pepala la adiresi ya wolandira ndi yanu, kuti envelopu yakunja ikanyowa kapena kung'ambika nsaluyo isasowe kwawo. Tumizani pa njira yokhala ndi nambala yolondolera, nambalayo muipereke kwa wolandira. Phukusi laling'ono lodutsa malire pa positi limafuna fomu ya kasitomu, kawirikawiri CN22 ngati silipitirira makilogalamu awiri ndipo mtengo wake ndi wochepa. Lembani zoona, kuti ndi nsalu ya zigamba yosamaliza, ndi mtengo wa nsaluyo.

Mukaona kuti muchedwa, nenani msanga. Maliro, matenda, ntchito, aliyense amamvetsa. Chimene chimapha magulu ndi munthu amene wangoti zii ali ndi nsalu ya mnzake m'nyumba, chifukwa kumbuyo kwake anthu onse aima. Ngati zavutiratu, tumizani nsaluyo osasokapo kanthu, gulu lidzapeza wina wolowa m'malo.

Yanu ikabwerera

Mwina simudzaikonda tsiku loyamba. M'mutu munali chithunzi china, ndipo anthu asanu aika zawo. Ipachikeni sabata imodzi musanaweruze, ndipo thokozani aliyense pomutchula dzina ndi zimene anasoka. Tsopano ndi yanu, mutha kuwonjezera mkombero wina kuti ikwane bedi.

Chotsala ndi kuisandutsa chofunda. Nsalu yakumbuyo ndi batting, thonje loika pakati pa nsalu ziwirizo, zikhale zokulirapo ndi masentimita 5 mpaka 10 mbali iliyonse. Batting ikasowa, bulangete lopepuka lochapidwa kale limagwira ntchito. Yalani zitatuzo pansi, yakumbuyo mutaimata ndi tepi kuti isakwinyike, manganiponi mapini otseka motalikirana ngati chibakera chimodzi. Sokani kuyambira pakati kupita kunja, pa makina kapena pamanja. Ngati nthawi yachepa, mangani mfundo za ulusi wokhuthala m'malo mosoka. M'mphepete tsekani ndi mzere wa nsalu wa mainchi 2½ wopindidwa pakati m'litali. Kumbuyo sokereranipo kansalu kolembedwa mayina a onse amene anasokapo, mizinda yawo ndi chaka, ndi cholembera chosafufutika.

Pochapa koyamba gwiritsani ntchito madzi ozizira ambiri, chifukwa simukudziwa ngati nsalu za anzanu onse zinachapidwa. Musachisiye chonyowa chitaunjikana m'beseni, pamenepo ndi pamene utoto umasamukira pa nsalu zoyera. Chitulutseni msanga, muchiyanike pamthunzi chitatambasuka pa zingwe ziwiri kapena zitatu kuti kulemera kwa madzi kusakoke misoko.